Mphindi 40 ku Mkunazini

Sitima yoyamba imene ndinakwerapo ndi Ilala. Kwathu ku Nkhotakota siifika kumtunda, imaponya nangula patali, ndiye timaboti n'tomwe timanyamula anthu pamodzi ndi matumba a mpunga, njinga ndi nkhuku, ndipo pomalizira penipeni munthu umapinda chitenje n'kuyenda m'madzi. Choncho pamene mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Durban, anandiimbira foni kuti wakhala akusunga ndalama kwa zaka zitatu kuti tikwere limodzi sitima ya panyanja yamchere kuchoka ku Durban mpaka ku Greece, m'mutu mwanga munabwera Ilala yomweyo, yongokulirapo.

Chimene ndinachipeza padoko chinali tauni yoyandama. Nsanjika zosanjikizana, malo odyera angapo, chipatala, sitolo, ndi dziwe losambiramo pamwamba penipeni. Za zimenezi sindinena zambiri, chifukwa pakatha masiku atatu munthu umazizolowera. Chimene sindinachizolowere mpaka ulendo kutha ndi nthawi. M'mawa uliwonse tikafika padoko, pakhomo potulukira ankaikapo chikwangwani cholembedwa ola lobwerera, ndipo aliyense ankadziwa kuti sitima sidikira munthu. Khadi lako amalidutsitsa pamakina potuluka ndi polowa. Malo amene anthu anawamanga kwa zaka mazanamazana, ife tinkapatsidwa maola asanu kapena asanu ndi limodzi kuti tiwaone.

Tinayambira pa chilumba cha Mozambique, chimene Apwitikizi amachitcha Ilha de Moçambique. Kumeneko sitima inaima patali ngati Ilala, ndipo nditaona boti likugwedezeka m'mbali mwa sitima mtima wanga unakhala pansi. Azungu ena achikulire ankaopa kuponda, ine ndinangotsika. Chilumbachi n'chaching'ono, munthu ungachiyende wapansi kuchoka nsonga ina kufika ina, koma chinali likulu la Apwitikizi m'dera lonseli mpaka mu 1898. Vasco da Gama anaimapo mu 1498. Kunsonga yakumpoto kuli linga la São Sebastião, limene anayamba kulimanga mu 1558, ndipo kuseri kwake, pafupi ndi pamene mafunde amaomba, pali katchalitchi koyera ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522. N'kakang'ono kwambiri moti gulu la amayi a Dorika kapena a Mvano silingakwanemo. Pansi pake pali manda a anthu amene anafera kutali ndi kwawo.

Koma chimene chinandikhala mumtima ndi mbali ina ya chilumbacho, kumene kumakhala anthu ambiri m'nyumba zofoleredwa ndi makuti. Nyumba zimenezi zili m'munsi, munthu ukaima pamsewu umayang'ana madenga. Wotionetsa malo anatiuza kuti miyala yomangira linga ndi nyumba za akuluakulu inkakumbidwa kumeneko, ndiye osauka anatsala akukhala m'maenjemo. Mayi wina wa Chimakuwa, nkhope yake yopakidwa mankhwala oyera otchedwa musiro, anandigwira chitenje changa n'kumwetulira, akuloza chake. Sitinamvane mawu, koma ndinkafuna nditakhala naye pamkeka ngakhale ola limodzi. Mwana wanga anandikoka dzanja: "Amayi, boti lomaliza likunyamuka."

Patatha masiku awiri tinafika ku Zanzibar. Ulendo wonse ine ndinkauganizira ngati wopita ku Petra, mzinda wakale wosemedwa m'matanthwe ku Jordan, chifukwa ndi kumene ndinkaona pazithunzi. Zanzibar ndinkangoyesa malo a zonunkhiritsa zakudya ndi zitseko zogoba bwino. Zitsekozo zilipodi, zamatabwa olemera okhomedwa misomali ikuluikulu yamkuwa, m'tinjira topanikizana momwe galimoto singadutse. Tinazungulira m'menemo mpaka tinatulukira pa tchalitchi chachikulu cha Anglican, Christ Church, ku Mkunazini.

Ine ndine wa Anglican chibadwire. Ndinabatizidwira ku All Saints ku Nkhotakota, kumene kunaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja yathu mu 1895. Amishoni a UMCA, bungwe la Anglican lochokera ku mayunivesite a ku Britain, amene anamanga tchalitchi cha ku Zanzibar ndi omwewo anadzamanga St Peter's ku Likoma. Ndiye nditalowa, fungo la mabenchi akale ndi kamangidwe kake zinandipangitsa kumva ngati ndafika kwathu. Kenako wotionetsa malo anayamba kufotokoza. Pamalo amenewa panali msika waukulu wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873 pamene Sultan Barghash anavomera pangano ndi Angerezi. Chaka chomwecho, pa Khirisimasi, anaika mwala wa maziko a tchalitchi, ndipo Bishopu Edward Steere amene anayang'anira ntchitoyo anaikidwa kuseri kwa guwa. Patsogolo pa guwalo pali kamwala kozungulira koyera, kozingidwa ndi mwala wofiira, ndipo amati pamenepo ndi pomwe panali mtengo womangirirapo anthu powakwapula, kuti ogula aone amene ali wolimba.

Nkhani ya akapolo ndaiphunzitsa kwa zaka zambiri kusukulu ya pulayimale. Ndinkalemba pabolodi dzina la Jumbe, Salim bin Abdallah, wamalonda a akapolo amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Ndinkajambula mzere wochoka kwathu, kuwoloka nyanja pa zombo za matanga, kenako ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa, doko la ku Tanzania, ndi kuchoka ku Kilwa kupita ku Zanzibar. Ana ankakopera m'makope, ine n'kuchonga. Mkuyu umene David Livingstone anakumanapo ndi Jumbe mu 1863 ndaudutsa kambirimbiri popita kumsika. Livingstone yemweyo analemba zimene anamva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, kuti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanja ya Nyasa ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya chilumbacho chaka chilichonse. Nambala imeneyi ndinkaidziwa. Koma kuima kumapeto kwa mzere umene ndinkajambula ndi choko, phazi langa lili pafupi ndi kamwala kaja, miyendo inanjenjemera.

Anatitsitsira m'tizipinda tiwiri tapansi pa nyumba yoyandikana ndi tchalitchi. Denga lake n'lalifupi, munthu wamkulu sungaimirire bwino, mpweya umalowera pa timipata ting'onoting'ono. Otionetsa amati anthu ankasungidwa m'menemo podikira tsiku la msika. Tinalowa anthu khumi ndi awiri okha, koma thukuta linali kamukamu. Panja, m'dzenje lomangidwa ndi simenti, muli ziboliboli zisanu za anthu, amuna ndi akazi, zomangidwa unyolo m'khosi. Anazisema ndi mayi wa ku Sweden, Clara Sörnäs, mu 1998. Munthu umaziyang'ana uli pamwamba, monga momwe wogula ankayang'anira. Nkhope ya chiboliboli chimodzi, yamasaya otakasuka, inandikumbutsa azakhali anga a ku Sani. Ndinayamba kuganiza za anthu amene anafika pamenepa akulankhula Chinyanja kapena Chiyao, akuitana amayi awo m'mawu omwe ine ndimagwiritsa ntchito, popanda wowamva.

M'tchalitchimo mulinso mtanda waung'ono wopangidwa ndi thabwa la mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone mu 1873. Ndinaupeza mochedwa, gulu litayamba kale kutuluka. Ndinagwada pabenchi kuti ndipemphere, koma ndisanamalize n'komwe Atate Wathu, mbendera ya wotitsogolera inali itafika kale pageti. Pamalo onsewo tinapatsidwa mphindi 40, chifukwa basi inkadikira kutitengera kumunda wa zonunkhiritsa, kumene tinakhala maola awiri tikununkhiza makungwa ndi kuonerera mnyamata akukwera mtengo wa kokonati uku akuimba. Zimenezi zinandiwawa ndipo mpaka lero zimandiwawa. Usiku umenewo sindinapite kukadya. Mwana wanga anandibweretsera tiyi m'chipinda, n'kukhala pambali panga osalankhula mpaka magetsi a Zanzibar atazimiririka pawindo.

Ku Mombasa tinaona Fort Jesus, linga limene Apwitikizi anayamba kumanga mu 1593 ndipo Aluya a ku Oman analilanda mu 1698 atalizinga kwa zaka pafupifupi zitatu. Ndinalizungulira, ndinajambula mizinga, koma mtima unali utatsalira kumbuyo. Kenako panabwera masiku ambiri a madzi okhaokha, kuzungulira nsonga ya Africa n'kulowa mu Nyanja Yofiira. Masiku amenewo anandithandiza. Ndinkadzuka m'bandakucha n'kukhala panja ndekha, madzi ali phee, osati ngati athu aja mwera ukakwiya.

Petra ndinakafikako, ndipo ndi wokongoladi. Kuchoka padoko la Aqaba ku Jordan ndi ulendo wa maola awiri pabasi, kudutsa m'chipululu cha dziko limene m'Baibulo timaliwerenga kuti Edomu. Ukatsika umayenda m'mpata wopapatiza wotchedwa Siq, wotalika kupitirira kilomita imodzi, matanthwe ofiira atakuphimba uku ndi uku. Ndiye mwadzidzidzi mpatawo umatseguka, n'kuona Al-Khazneh, nyumba yosemedwa m'thanthwe lenilenilo, yotalika pafupifupi mamita 40, popanda njerwa ngakhale imodzi. Anthu onse anakweza mafoni m'mwamba. Ine maso anga anali atakodwa kale ndi china: m'mbali mwa mpatawo, m'munsi chakufupi ndi chiuno, muli ngalande yosemedwa m'mwala yoyenda ulendo wonsewo, ndipo mbali inayo munkadutsa mapaipi adothi. A Nabataea, eni mzindawo, analemera ndi malonda a lubani ndi zonunkhira zina, koma chimene chinawasunga m'chipululu ndi luso lokolola madzi. Ankatchinga madzi osefukira ndi madamu, n'kuwasunga m'zitsime zokumbidwa m'thanthwe. Munthu amene anakulira pakati pa alimi a mpunga sangadutse ngalande yotere osaigwira. Ndinalowetsamo dzanja, mwala wake ndi wosalala ngati mkati mwa mtondo wakale. Aroma anautenga mzindawo m'chaka cha 106, ndipo chivomerezi cha mu 363 chinawononga nyumba zambiri pamodzi ndi njira za madzizo.

Ngalande ya Suez tinaidutsa tsiku lathunthu, sitima zitandandalika pamzere ngati ng'ombe zopita kudibi, mchenga uku ndi uku. Tinatsikira ku Piraeus, doko la ku Greece, n'kukwera ndege.

Nditabwerera kumudzi, Lamlungu loyamba titaweruka ku All Saints sindinapite kunyumba. Ndinatenga adzukulu anga awiri, tinapita pamkuyu paja, kenako tinatsetsereka wapansi mpaka kunyanja. Ndinawalozera kutsidya, kumene mapiri a ku Mozambique amaonekera kukacha bwino, n'kuwaonetsa pafoni chithunzi cha ziboliboli zija. Wamng'onoyo anafunsa kuti, "Agogo, anthuwo anabwerako?" Ndinamuuza kuti ayi. Mwana wanga ndamuuza kale kuti chaka chamawa asasungenso ndalama za sitima. Tikwera basi kudzera ku Songwe mpaka ku Dar es Salaam, tiwoloke pa boti, ndipo ndikufuna ndikakhale nawo pa Misa yonse ya Lamlungu ku Mkunazini.