Masiki ndi mabigiri: momwe shopu yathu ya pa Lizulu idadutsira Covid-19

Shopu yathu yosoka zovala ili pa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo kuyambira kale chakudya chathu chinali yunifolomu za ana a sukulu. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, makina onse atatu adangoti zii. Pa 2 Epulo boma lidalengeza za anthu oyamba kupezeka ndi Covid-19 m'Malawi muno, ndipo tidayamba kusoka masiki.

Oyambawo anali olakwika. Tinkasoka nsalu imodzi yokha, msoko uli pakati penipeni pa mphuno. Namwino wina wa pachipatala chathu chaching'ono ndiye adatikonza. Adayang'anitsa masiki kudzuwa n'kutionetsa kuwala kukudutsa m'timabowo ta singano, nati: "Atelala, pomwe padutsa kuwala, malovu adutsanso."

Kuchokera pamenepo tidasoka nsalu zitatu, monga momwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangizira mu Juni 2020. Yamkati ndi ya thonje, yoyamwa chinyezi cha mpweya. Yapakati ndi ija yopyapyala yolimbitsira kolala ya malaya. Yakunja ndi poliyesita, yosalowa madzi msanga. Ya munthu wamkulu timadula masentimita 20 m'litali ndi 18 m'lifupi, n'kupinda katatu, mapindo onse oloza pansi kuti fumbi lisamakhalemo. Lastiki ndi masentimita 17 mbali iliyonse. Ikafupika imapweteka kuseri kwa makutu, munthu n'kutsitsira masiki pachibwano, ntchito yonse yapita pachabe. Pamphuno timalowetsa kawaya kofewa, nsonga zake titazipinda kuti zisaboole nsalu, apo ayi ovala magalasi amachita nthunzi m'maso, makamaka m'chisanu cha kuno cha Juni ndi Julayi.

Chitenje chatsopano chichapidwe kaye musanadule. Chimakhala ndi mankhwala olimbitsa omwe amayabwa pankhope, china chimasuluka, ndiponso chimafupika chikalowa m'madzi. Tidataya masiki angapo chifukwa chodula osachapa, ndipo atachapidwa koyamba adasanduka a ana. Lastiki itasowa pamsika tidang'amba masikipa a pakaunjika m'timizere ta masentimita awiri. Ukatikoka timadzipota tokha n'kukhala chingwe chofewa chosapweteka.

Tidafuna kukapereka masiki athu kwa anamwino, koma adatiuza mosabisa kuti ansalu sayenera m'wodi, iwo amafunika achipatala. Adatipempha kuti tipatse odikirira odwala, omwe ankagona pakhonde opanda chophimba chilichonse. Tidatero, ndipo mpaka lero timaona kuti adatiuza zoona pamene akadatha kungolandira n'kuthokoza.

Mabigiri osambira m'manja tidawayamba chifukwa amalonda a mbatata, kabichi ndi tomato ankawafuna pamabenchi awo. Bigiri la malita 20 limabooledwa masentimita atatu kuchokera pansi. Kuboola ndi mpeni kumang'amba pulasitiki, choncho timatenthetsa kapaipi kachitsulo kofanana kukula ndi kampopi. Mbali zonse ziwiri timaika mphira wodula ku chubu cha njinga, kenako n'kumanga pang'onopang'ono. Womanga mwamphamvu ndiye amayambitsa kudontha. Kampopi kakhale kapulasitiki, chifukwa kachitsulo kamadyeka ndi klorini. Pansi pakhale beseni, madzi asapange matope pomwe anthu akuima.

Muyezo wa klorini adatiphunzitsa ndi alangizi a zaumoyo: supuni yaikulu imodzi ya klorini waufa wotchedwa HTH pa malita 20, ndipo madziwo asinthidwe tsiku lililonse poti mphamvu yake imatha, makamaka akakhala padzuwa. Ena ankathira yambiri poganiza kuti ipha bwino tizilombo, manja n'kuyamba kusupuka. Pomwe pali sopo, sopoyo ndi madzi wamba zimakwanira.

Alangizi amenewa tinkawaona tili pakhonde la shopu. Ankapalasa njinga kum'mamawa kuli nkhungu, kupita kumidzi kukalondola omwe adakhala pafupi ndi wodwala. Mu Januwale 2021, mliri utafika povuta mpaka kutenga nduna ziwiri tsiku limodzi, sadasiye ntchito. Katemera wa AstraZeneca atafika mu Malichi, mphekesera zidachuluka ndipo ena ankawatseka zitseko. Iwo ankabweranso mawa lake, n'kufotokozanso modekha. Namwino amene adatikonza uja ankati akaweruka amayamba wasamba ndi kusintha zovala panja asanagwire ana ake. Anthu amenewa, pamodzi ndi okolopa m'mawodi ndi oyendetsa ambulansi, tikuwathokoza kuchokera pansi pa mtima.

Yunifolomu zidabwerera sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Seputembala 2020, ndipo makolo ambiri ankagula ndi masiki awiri a mwana, ina avale pamene ina yachapidwa. Mabigiri sitidasiye. Kolera itavuta mu 2022 ndi 2023, adafunikanso pamsika, m'masukulu ndi pamaliro, ndipo muyezo wa klorini uja udakalembedwabe ndi choko pakhoma la shopu.