Ndamaliza, ndipo ndikuthokoza

Lachisanu lapitali aphunzitsi atatu anandifunsa mafunso kwa maola awiri pa kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri wokhudza mmene mitsempha ya magazi imamasukira, kenako anati ndakhoza. Ndisanapite patali, ndithokoze anthu amene anandinyamula.

Ndiyambe ndi mayi amene amayang'anira labu yathu. Miyezi inayi yoyamba ndinkangolira. Timatenga kamtsempha ka magazi ka pamatumbo a khoswe, kowonda ngati tsitsi ziwiri kapena zitatu, n'kulowetsamo timawaya tiwiri pa maikulosikopu. Ine dzanja linkanjenjemera, waya n'kupala kachikopa ka m'kati kotchedwa endothelium, kamene kali ndi maselo mzere umodzi wokha. Ndikathira acetylcholine, mankhwala amene amayenera kuumasula, mtsempha unkangoti gwa, osamasuka. Mayi, simunatope nane. Munkakhala nane mpaka mdima, mutandigwira pamkono, n'kumandikumbutsa kuti Furchgott ndi Zawadzki anazindikira ntchito ya kachikopaka mu 1980 ataona kuti mtsempha wa kalulu ukapalika m'kati sumasukanso. Tsiku limene mzere unatsika pakompyuta kusonyeza kuti mtsempha wamasuka, munawomba m'manja ine ndisanamvetse n'komwe zimene zachitika.

A Pulofesa, zikomo pondiphunzitsa kufotokoza zinthu mwachidule. Pamaselo a kachikopa kaja pali timakomo. Calcium akachuluka m'selo, mwina polowera pakhomo la TRPV4, amatsegula makomo a SK ndi IK, potaziyamu n'kutuluka. Mphamvu ya magetsi m'selomo imasintha, n'kuwolokera ku minofu yozungulira mtsempha kudzera m'timipata tolumikiza maselo. Minofu imamasuka, mtsempha n'kukula, magazi n'kuyenda bwino. Titaletsa nitric oxide, mpweya umene kachikopaka kamatulutsanso pomasula mtsempha, timitsempha tating'onoti tinkamasukabe. Koma titatsekanso makomo a SK ndi IK aja ndi apamin wa mu ululu wa njuchi ndi charybdotoxin wa chinkhanira, kumasuka kuja kunatheratu. Mpaka lero zimandigwira mtima.

Achimwene ku Johannesburg, ndalama ya sukulu itachedwa munandilipirira lendi miyezi itatu osandifunsa kuti ndibweza liti. Mulungu akudalitseni.

Amayi anga, ndinu munandilowetsa m'nkhaniyi. Ndinakula ndikukuonani mukumwa kapilisi ka BP m'mawa uliwonse musanatenge khasu. Pano ndikudziwa kuti amlodipine wanu uja amatseka makomo a calcium pa minofu ya mitsempha kuti isafinyike kwambiri. Munagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndipeze thiransipoti, ndipo Lamulungu lililonse munkandiimbira foni kufunsa ngati ndadya. Ndikubwera mwezi wamawa, ndipo ndakugulirani kamakina koyezera BP kuti tizikuyezani pakhomo pomwepo.