Kalabu yathu ya makompyuta ya Loweruka ku Chibavi, Mzuzu: tafika pa mafoda ndi Scratch

Laputopu yakale yomwe timaphunzirira ku kalabuyi ikugwirabe ntchito, ngakhale batire yake siichedwa kutha magetsi akazima. Mwezi uno ndaikamo Kiwix, pulogalamu yomwe imasunga Wikipedia m'fayilo imodzi kuti muziwerenga popanda kugula bandulo. Ndinakatsitsira m'tauni komwe kuli Wi-Fi, ndipo ndinasankha yopanda zithunzi poti malo ndi ochepa.

Ana a Fomu 2 ndi 3 omwe amabwerawa, pa foni ndi akadaulo. TikTok, WhatsApp, kusintha sitetasi, zonsezi ndi masewera kwa iwo. Koma nditawauza kuti alembe ndime mu LibreOffice, pulogalamu yolembera pa kompyuta, asunge, atseke, kenaka aipezenso, onse anangoti kakasi. Foni imawabisira komwe zinthu zimapita ukazisunga, ndiye foda ndi dzina la fayilo kwa iwo ndi zachilendo. Makolo akamati "uyu makompyuta amawadziwa", ine ndimayamba ndafunsa ngati angapeze ntchito yomwe analemba dzulo.

Chomwe tikukhalitsapo kwambiri ndi kukayikira. Ndinawaonetsa uthenga wa m'gulu la WhatsApp wonena kuti zotsatira za MSCE zatuluka. Walemba ndani? Liti? Kodi a MANEB anena zomwezo patsamba lawo kapena pa wailesi? Poyamba yankho linali lakuti "atumiza amalume". Tsopano amakangana okhaokha, mpaka Wikipedia yomwe amaifunsa komwe yatenga nkhani. Mtsikana wina, yemwe kwawo amayankhula Chitumbuka, anadzabwera ndi nkhani yoti Wikipedia ya Chitumbuka ili ndi zolemba zambiri kuposa ya Chichewa. Anatiseka tsiku lonse, ndipo sananame.

Scratch, pulogalamu yophunzitsira ana kupanga magemu pa kompyuta yomwe inapangidwa ku yunivesite ya MIT ku America n'kutuluka mu 2007, tayiyamba kumene. Mnyamata wina akupanga gemu ya wakabaza wozemba maenje mumsewu. Njinga itakana kukhotera komwe ankafuna, anatulutsa kope la masamu n'kuyang'ananso za x ndi y zomwe ankati n'zopanda ntchito. Zigoli sizikuwerengeka bwino, koma ndamusiya avutike nazo yekha.

Kutayipa ndiye kukadali kwa chala chimodzi. Batani la E lamira, choncho sabata ino ndikasaka kiyibodi ya USB kumsika waukulu, kuti awiri azisinthana pomwe ena akujambula gemu yawo papepala.