Zikomo anthu a pa Dedza, alendo athu agona m'nyumba

Banja lija ndinkalifunira nyumba mwezi wonse wa Meyi lalowa, ana atatu onse ali bwino. Ndikufuna ndithokoze poyera, chifukwa ena mwa inu munasiya ntchito zanu kuthamangira anthu omwe simunawaonepo nkhope.

Kwa amene simukudziwa nkhaniyi: bambo wa banjali wabwera kudzagwira nafe ntchito ya ulimi wamthirira, makamaka wa kachewere. Ndi Ayuda, achokera ku Johannesburg komwe kumakhala Ayuda ambiri a ku South Africa, ndipo abwera kudzakhazikika. Anandipempha nyumba ya zipinda zitatu, ya mpanda, yoti ana azitha kupita kusukulu wapansi, ndi khitchini yotakasuka. Za khitchinizo ndinazimvetsa mochedwa. Iwo saphatikiza nyama ndi mkaka, moti miphika, mbale ngakhale masupuni amakhala awiriawiri, zina za nyama, zina za mkaka, ndipo zimafuna malo osiyana.

Nyumba ndinaipeza, tinagwirizana, lendi ya miyezi itatu tinalipiriratu. Kutatsala masiku anayi kuti ndege yawo itere ku Lilongwe, mwini nyumbayo anandiimbira foni kuti wasintha maganizo, ndikatenge ndalama. Chifukwa chake sananene. Usiku umenewo sindinaone tulo. Inu mukudziwa mmene Juni amachitira kuno mtsinde mwa phiri, chisanu cholowa m'mafupa, ndiye ndinkangoganizira kamwana kawo ka zaka zitatu.

Woyamba kumuthokoza ndi mnyamata wa kabaza amene anandizungulitsa tauni yonse masiku awiri, nakana kulandira ya tsiku lachiwiri. Ndiye anakumbukira kuti agogo ena a kumtunda kwa msika ali ndi nyumba yomwe yangokhala chitsekere mwana wawo atasamukira ku Blantyre.

Agogo, inu ndiye ndilibe nanu mawu. Nditakufotokozerani zonse, munangofunsa kuti, "Anawo ndi angati?" Nditati atatu, munalowa kuchipinda n'kutuluka ndi makiyi omangidwa pa kansalu, ndalama tisanakambirane n'komwe.

Tinali ndi masiku awiri basi, ndipo zonse zinayenera kutha Lachisanu dzuwa lisanalowe. Sabata yawo imayamba madzulo a Lachisanu mpaka mdima wa Loweruka, ndipo nthawi imeneyi sayatsa moto, sakwera galimoto, sanyamula katundu panjira. Mu Juni dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane. Amayi a kumpingo kwathu anabwera ndi zidebe n'kukolopa nyumba yonse, akalipentala anakhoma mashelefu mbali ziwiri za khitchini mpaka usiku atawunikira tochi ya foni magetsi atazima. Aphunzitsi oyandikana nawo anabweretsa mabulangete asanu ndi mbaula. Zikomo nonse.

Pali chinthu chimodzi chimene sindidzaiwala. Atafika, bamboyo anatulutsa kachinthu konga kabokosi, kotalika ngati chala, napempha agogo ngati angakakhome pa felemu ya chitseko, kudzanja lamanja polowa. Mtima wanga unagunda. Ndinadziwa chimene aliyense pakhondepo ankaganiza, ndipo agogo anafunsa mosapita m'mbali: "Mwana wanga, kodi chimenechi ndi chithumwa?" Iye anafotokoza kuti amati mezuzah, mkati mwake muli kachikopa kolembedwa pamanja m'Chihebri mawu a pa Deuteronomo 6, ndime 4 mpaka 9, pamodzi ndi ena a mutu 11. Agogo anatuma mdzukulu wawo akatenge Baibulo lawo lakale lija lachikuto chong'ambika, anavala magalasi, nawerenga mokweza mpaka pomwe akunena zolemba malamulo a Mulungu pa mphuthu za nyumba. Anatseka buku, nati, "Mpatseni hamala." Misomali anagwirizira okha.

Kwa amayi ogulitsa nsomba mumsika, zikomo poleza mtima. Alendo athuwa amadya nsomba ya mamba ndi zipsepse yokha, ndiye chambo ndi usipa zili bwino, koma mlamba ndi kampango ayi. Munamvetsa kamodzi, pano mukangowaona mumawasankhira nokha. Nkhumba sadya, ndipo mnyamata wa chiwaya pangodya paja anasuntha yekha malo ake osauzidwa ndi munthu. Achimwene, ndinaona zimenezo.

Madzulo a Lachisanulo mayi wa banjali anayatsa makandulo awiri dzuwa lili pafupi kulowa, ife tikutsanzika pakhomo. Ana anali atakulungidwa kale m'mabulangete obwereka aja.

Katundu wawo akadali panjira, lole ikudzera ku Tete ndipo ilowera pachipata chathu chomwechi cha Dedza. Ikangofika, mabulangete, mbaula ndi mipando ya pulasitiki ndidzabweza ndekha khomo ndi khomo. Amene munabweretsa ketulo yofiira osasiya dzina, chonde ndiuzeni ndinu ndani.