Si thupi limene lazolowera mankhwala

Azakhali anga a ku Mtendere ali ndi kachitini ka mabisiketi kamene amasungiramo mankhwala otsala. Mulimo makapisozi angapo a amoxicillin okulungidwa m'kapepala, Panado, ndi theka la paketi ya Coartem imene mwana wawo sanamalize chifukwa tsiku lachiwiri anadzuka n'kukasewera mpira. Nditawafunsa anangoti, "Iwe, mankhwala a masiku ano sagwira. Thupi linazolowera." Mawu amenewa ndakula nawo, ndipo ndinalowa nawo ngakhale m'kalasi ya udokotala kuno ku Lusaka.

Chimene chinanditsegula maso ndi mbiri ya chloroquine. Tizilombo ta malungo tosamva mankhwalawa tinayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kumalire a Thailand ndi Cambodia komanso ku Colombia, ndipo pofika 1978 tinali titafika kum'mawa kwa Africa. M'magazi a wodwala mmodzi mumakhala tizilombo tosawerengeka, ndipo sitifanana tonse. Mankhwala akalowa amapha tambiri, koma tija tili ndi kusintha pa jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa otengera kwa makolo) yotchedwa pfcrt timapulumuka. Udzudzu umatitola, umakatisiya mwa mnzako, timaswana. Pakapita zaka, totsala ndi tokhatokha tolimbato.

Mu 1993 dziko la Malawi linasiya chloroquine chifukwa sankachizanso bwino, n'kuyamba Fansidar, loyamba kuchita zimenezi mu Africa. Apa ndi pamene ndinawerenga kawiri. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anasindikizidwa mu 2006 anapeza kuti chloroquine yemweyo anachiza ana 99 mwa 100 aliwonse. Matupi a ana aja sanasinthe ayi. Kusamva mankhwala kuli ndi mtengo wake kwa kachilombo, ndiye mankhwalawo atachoka, tizilombo wamba tinaswana mofulumira n'kupitirira tinzawo tija. Ife kuno ku Zambia tinasankha Coartem mu 2002, ndipo muli mankhwala awiri m'piritsi limodzi pa chifukwa chomwechi: kachilombo kopulumuka ku amodzi kagwe ndi enawo. N'chimodzimodzi TB, imene timayamba ndi mankhwala anayi, ndi ma ARV amene amakhala atatu.

Zonsezi ndinkaziloweza padera padera kuti ndikhoze mayeso. Palibe anandiuza kuti ndi nkhani imodzi, chisinthiko cha zamoyo, mutu umene ku sekondale tinauthamangira m'masiku ochepa. Anzanga ena amene timapemphera nawo akangomva dzina la Darwin, wasayansi amene anafotokoza chisinthikochi, amatseka makutu, amati ndi zija za anyani. Inenso ndine wopemphera, ndipo sindiwanyoza. Koma kachilombo kamene kakusintha m'chifuwa cha wodwala amene wadumphitsa mankhwala a TB ndi chinthu chimene tikuchiona mu labu, ndipo dokotala wosamvetsa mmene zimachitikira adzalemba mankhwala mwachimbulimbuli.

Kuwodi ya ana ndinakumana ndi kamtsikana kosakwana zaka ziwiri, timanja totupa, maso achikasu, kakulira kosatonthozeka. Sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo. Mayi ake anali atauzidwa ndi achibale a bambo kuti matendawa achokera kwawo kwa iwo. Ndinakhala nawo pabenchi n'kujambula papepala: mwana amadwala akatengera jini kwa mayi ndi kwa bambo omwe, ndipo makolo onse akakhala nayo imodzi imodzi, mimba iliyonse ili ndi mpata umodzi mwa inayi. Anafunsa funso limene buku lathu silinafunse: "Nanga chinthu choipa chonchi chinachulukiranji pakati pathu?" Yankho lilipo. Mu 1954 wasayansi Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa, anaonetsa kuti munthu wokhala ndi jini imodzi yokha amatetezeka ku malungo oopsa. Makolo athu amene anali nayo ankapulumuka ali ana, n'kukula, n'kubereka. Ndinawauza kuti, "Amayi, si tsoka lanu ndipo si ufiti. Ndi chishango chimene malungo anasiyira mabanja onse awiri." Anapinda kapepala kaja n'kukaika m'chitenje, ati akaonetse apongozi.

Loweruka ndinabwerera ku Mtendere. Za jini sindinatchule. Ndinawakumbutsa azakhali za kumunda kwathu ku Katete, mmene mankhwala opopera mbozi amene kale ankapha zonse masiku ano amasiya zina zikuyenda pachimanga. "Kodi chimanga ndicho chinazolowera?" Anaseka, n'kuti ayi, ndi mbozizo. Kenako anakhala chete, anatsegula kachitini, anatulutsa paketi ya Coartem ija n'kuiyang'anitsitsa.

"Nanga makapisoziwa, a chimfine?"

Ndinawauza kuti chimfine ndi vairasi, amoxicillin sachikhudza n'komwe, amangopha mabakiteriya ofooka a m'mimba n'kusiya olimba kuti aswane. Anandipatsa kachitini konse kuti ndikasiye ku famase ya kuchipatala. Panado yekha anatsala nawo.