Chigubu cha chingwe chofiira

Lachiwiri usiku, Kasungu. Tulo sitikubwera. Ndatuluka kawiri kukaunika zigubu zija ndi tochi ya foni, ngati kuti ndikaziyang'anitsitsa zindiyankha.

Makina anga otchetchera udzu anoka. Brush cutter yaikulu ija, imene ndinagula nditagulitsa soya yense wa chaka chatha, imenenso imatidyetsa miyezi ino ya dzinja pamene udzu ukukula ngati ukupikisana ndi chimanga. Yafera pa esiteti ina cha ku Chinkhoma, kumene tinapatsidwa ntchito yolambula m'mbali mwa msewu wolowera ndi kuzungulira zigafa. Amene anaikoleka paphewa ndi mwana wa mlongo wanga. Akuti inayamba kulira mokweza ngati yapeza mphamvu zatsopano, kenako zii. Chingwe cholizira osakokekanso.

Ine ndinali kuseri ndi anyamata awiri a zikwakwa. Nditafika ndinagwira pa injini, kutentha ngati mbaula. Sindinafunse kanthu, ndinangoyamba. Ndinamuuza kuti manja ake ndi owononga, kuti mayi ake ananditumizira mtolo osati wantchito, ndi zina zimene sindilemba pano. Aganyu akumva, kapitawo wa pa esitetipo akumva, amayi osoka fodya atasiya kusoka. Iye anangoti, "Amalume, ndinathira a m'chigubu cha chingwe chofiira." Kuchokera pamenepo sanatsegulenso pakamwa mpaka pano.

Amene simunagwirepo makina otere mwina simukumva za chingwezi. Injini yake ndi ya two-stroke, ilibe mothira oyilo mwapadera ngati njinga zamoto za kabaza. Oyilo amalowa limodzi ndi petulo, ndipo ndi yekhayo amene amateteza pisitoni kuti isakhulane ndi silinda. Buku la yangayi limati 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo wa 2T, wa injini zoterezi, pa malita 5 a petulo, kapena 20 pa lita imodzi. Ndimayeza ndi sirinji, osati ndi maso. Zigubu ndili nazo ziwiri, zonse zachikasu, zakale za mafuta ophikira. Cha petulo wosakaniza ndinachimanga kachingwe kofiira pachogwirira, chinacho ndi cha petulo wouma wa njinga yanga. Lero zonse ziwiri zinali pansi pa mtengo wa mango umodzi. Ndipo lamulo ndinaika ndekha: wosakaniza ndine, wina aliyense asayerekeze.

Tinaimanga panjinga n'kubwera nayo kuboma, kwa madala ena okonza mapampu ndi majenereta kuseri kwa msika. Akuluwa safulumira. Munthu ukuyaka mumtima, iwo akuyamba apukuta sipanala. Anamasula mabawuti a ekizozi, n'kuunika pabowo.

"Tasuzumirani, achimwene."

Pisitoni yonse mikwingwirima, ngati poto wokwechedwa ndi mchenga. Ring'i, kamphete kozungulira pisitoni, itamatirira m'malo mwake.

Ndinati ndi fumbi, mwanayu satsuka sefa ya mpweya. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana matope a pansapato zanga.

"Fumbi la February? Komanso fumbi silidya chonchi. Limadya mbali ya kabureta, pang'onopang'ono, miyezi. Uku ndi kupsa, kwayambira mbali ya ekizozi. Injini ikapsa chonchi milandu yake ndi itatu. Kaya udzu watseka zipsepse za silinda mphepo osadutsa, kaya ikuba mpweya penapake, kaya oyilo wachepa."

Zipsepse zinali zoyera. Apo ndiye ndinayamba kudzikweza, kuwafotokozera kuti Loweruka lililonse masana kwanga sikugwiridwa ntchito ya munthu. Timatsuka sefa ndi sopo n'kuyanika, timachotsa mwaye pa pulagi, timathira girisi m'mutu mwa makina momwe mumazungulira mpeni, timanola zikwakwa ndi tupa, mafosholo ndi mapiki timawapaka oyilo wakutha kuopa dzimbiri. Bambo anga anali tenanti wa fodya zaka zambiri, ndipo khasu logona ndi matope kwa iwo unali mlandu woposa kuba mango. Ndinatengera. Ndimawaseka anzanga a makontilakiti amene wilibala yawo imamveka kulira isanaoneke. Madalawo anandisiya ndiyankhule mpaka ndithe, kenako anapendeketsa makina n'kukhuthulira zotsala za m'thanki m'botolo lodula.

"Oyilo wanu ndi wamtundu wanji?"

Ndinati wobiriwira.

Anakweza botolo lija kudzuwa. Kubiriwira kunalimo, koma kochita kufunafuna. Kenako anang'amba pepala la kope, kudonthezapo madontho atatu, n'kuliika pachitsulo. Akuti petulo amauluka, oyilo amatsala. Tinakhala chete anthu awiri akuluakulu kuyang'ana pepala likuuma. Banga linatsala, lofooka ngati la chala cha munthu wodya mandasi dzulo.

"Amasakaniza ndani?"

"Ndine."

"Nanga mnyamatayu walakwa chiyani?"

Sindinawauze kuti ndamukalipira. Anangomuona ataima panja pa shedi, atagwira mpini wa makina ngati ndodo ya m'busa, nkhope ili pansi.

Ndinayankha kuti mwina anasokoneza zigubu, anathira wouma pamwamba pa wotsala wa m'thanki. Anavomera kuti zimatheka, banga lingaoneke chimodzimodzi. Koma ndikuyankhula choncho, Lamulungu linali litandifikira kale m'mutu. Tsiku limenelo ndinakhala pamzere wa mafuta kuyambira potuluka m'tchalitchi mpaka dzuwa kupendeka. Zigubu anakana, ndiye ndinadzaza njinga, kufika kunyumba n'kupopa ndi kapaipi. Kunali kutada, mvula ikuyamba kuwaza, foni ikulira. Ndikukumbuka kukoma kwa petulo pamilomo. Ndikukumbukanso ndikudziuza kuti oyilo ndithira mawa. Chimene sindikukumbuka ndi chakuti dzanja langa linagwira chigubu chiti, ndiponso ngati mawa lakelo linafika.

Ndiye madala aja, ngati kundimvera chisoni, anapezanso china. Kapaipi ka mafuta kochoka m'thanki kanali kouma gwa, kong'aluka pakhosi. Akuti petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, kuyambira kale m'ma 1980 pamene anayamba kumutcheza ku Dwangwa, ndipo galimoto sizidandaula, koma timakina tating'onoti mphira wake amauma, makamaka mafuta akagonamo milungu. Ethanol amakokanso chinyezi. Paipi ikang'aluka injini imayamwa mpweya m'malo mwa mafuta, imalira mokoma kwambiri, kenako n'kupsa. Mmene ndinakondwera ndi kapaipi kameneko ndikuchita nako manyazi. Ndinakatola n'kukaika m'thumba la malaya. Paipi ilibe mayi ake, paipi sufunika kuipepesa. Koma iwo anangoti, "Kameneka kathandizira chabe, achimwene. Pepala lija mwaliona nokha."

Za ndalama ndisachite kutchula. Pisitoni ndi ring'i ndi zogula basi. Silinda akuti ayesa kuchotsa aluminiyamu amene wamatirira, koma mkati mwake ndi mokutidwa ndi chitsulo chopyapyala cholimba, chikakhala kuti chakumbika palibe zoboola monga amachitira ndi injini ya chigayo, n'kugula ina. Kuno kulibe. Ndiye kuti Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 pa M1, kukayendayenda ku Malangalanga, kumene wogulitsa aliyense amalumbira kuti yake ndi orijino. Zonse pamodzi ndi mbuzi ziwiri zabwino. Mwini esiteti akufuna ntchito yake pofika Lachisanu. Malo amene makina amamaliza tsiku limodzi afuna anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a zikwakwa, ndipo mwezi uno waganyu sadikira kuti bwana alipidwe kaye, akufuna yake madzulo omwewo akagule ufa. Sindingamunene. Phindu lonse la ntchitoyi lapita, mwinanso ndiwonjezera za m'thumba. Walira mvula walira matope, anatero madala aja akulemba nambala ya pisitoni pakatoni, ndipo sindinaseke.

Chimene chikundiwawa kwenikweni sindikuchidziwa bwino. Nthawi zina ndi ndalama. Nthawi zina ndi kapitawo uja, mmene anayang'anira kumbali ndikukalipa. Mnyamatayu anabwera kwa ine atalephera kupitiriza Fomu 3, ndipo mlongo wanga pomupereka anati, "Achimwene, mwana ndi wanu uyu, mumuphunzitse manja." Pa anyamata onse amene ndagwira nawo ntchito ndi yekhayu amene amayendera malo kutola miyala ndi mawaya asanalize makina, osauzidwa. Mpeni chigulireni sunapindikepo. Izi ndimazidziwa, ndinkazidziwanso m'mawa muja.

Mayi a kunyumba andiikira nsima osayankhula, kenako ali pakhomo akuti, "Mwanatu sanadye." Ndati ali ndi manja. Akuti, "Inu abambo," n'kutseka chitseko. Pafoni pali ma missed call awiri a mlongo wanga. Kaya wauzidwa, kaya akungofuna za feteleza wobereketsa zija, sindinaimbe.

Ndikanatha kuyesa chigubucho masana pomwe tinafika. Nkhani yake ndi ya mphindi zisanu. Ndinapeza zochita zina, ndinakonza mpini wa piki umene sunali wothyoka.

Panopa ndang'amba mapepala awiri m'kope la mwana wanga wamkazi. Lina ndadonthezapo a m'chigubu chofiira, lina ndasakaniza pang'ono mwatsopano ndi sirinji, 20 pa lita, kuti ndifananize. Ndawaika pakhonde kutali ndi kandulo, ndawatsamiza ndi miyala. Kuchipinda cha anyamata kukuoneka kuwala kwa foni, ndiye kuti nayenso sanagone. Kunja kuli chinyezi, akuchedwa kuuma. Mawa ndiyenera kulawirira pa Chinkhoma kusaka anthu a zikwakwa, ndipo tupa sindikudziwa kuti ndaisiya pati, mwina pa shedi ya madala aja