Lubricator ija ndaimvetsa tsopano, chifukwa cha mjigo wa amalume

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi riserless light well intervention, RLWI ija, njira yokonzera zitsime za mafuta ndi gasi za pansi pa nyanja pogwiritsa ntchito sitima yaing'ono. Anzanga a kosi ya petroleum, za wireline (waya wotsitsira zida m'chitsime) ndi Christmas tree (mulu wa mavavu wa pakamwa pa chitsime) sindibwereza zambiri, mukuzidziwa kale. Chinkandizunguza mutu n'chakuti chitsime cha pansi pa nyanja chili ndi pressure yoopsa, nanga waya ulowamo bwanji popanda riser, chipaipi chochokera pachitsime kufika pa sitima? Ndinkangoona mafuta akukhavukira m'nyanja.

Loweruka ndinali kwa amalume ku Mabvuku, mu Harare, pampu ya mjigo wawo itafa. Sanaitane chigalimoto chobowola chija ayi. Anabwera anyamata awiri ndi chingwe, anakoka pampu, nkusintha kachitsulo kamodzi, pofika masana madzi ali mbwee. Amalume akuti, "Mphwanga, ndikanaitana obowola aja bwenzi nditagulitsa nyumba." Ndili mu kombi pobwerera m'pamene zinandilowa.

Pa nyanja, rig, chimakina chachikulu chobowolera zitsime, ndiye chigalimoto chobowolacho. Imalipiritsa pa tsiku, ndipo masiku oyenda ndi odikira nyengo amawerengedwanso. Chonsecho ntchito zambiri pachitsime n'zazing'ono: kuyeza, kuika plug (chotsekera), kuboola mabowo atsopano mu casing (paipi ya m'makoma a chitsime), kupala scale (zokakamira m'paipi). Sitima yaing'ono imazikwanitsa pa mtengo wotsika kwambiri.

Koma mjigo ulibe pressure, ndiye usiku ndinatenga pensulo nkujambula. Lubricator ndi chipaipi chachitali chimene amachikhazika pamwamba pa tree, pansi pa nyanja pompo. Chida chimalowa m'menemo, amatseka pamwamba, amakweza pressure mpaka ifanane ndi ya m'chitsime, kenako m'pamene amatsegula mavavu a pansi. Podutsa waya amapopapo girizi wa pressure yoposa ya m'chitsime kuti gasi asapeze mpata. Zitseko ziwiri, sizitsegulidwa zonse nthawi imodzi. Basitu! Zotchinga zonse zatsikira pansi, waya akuyenda m'madzi popanda paipi kupita ku sitima. Ndinajambula kanayi, ndikuseka ndekha.

Kwa ine RLWI ndiye mankhwala. Ku Norway akhala akuigwiritsa ntchito zaka zambiri ku North Sea, chifukwa zitsime za pansi pa nyanja zimasiya mafuta ambiri m'nthaka kuposa za pa platform, nsanja ya pamwamba pa madzi, eni ake poopa mtengo wa rig. Mnzanga wina akuti popanda riser sungazule tubing, paipi yodutsa mafuta m'chitsime, ntchito zolemera zimafunabe rig. Chabwino, koma n'kangati?

Chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anangowerenga ma slide, kachithunzi ka lubricator kali kakang'ono ngati sitampa. Nditafunsa anati tikambirana nthawi ina. Nthawi iti, mayeso ali pakhomo? Masana ndili kuntchito, usiku magetsi azima, ndikuwerengera pa foni data ikutha. Akanangotenga choko mphindi zisanu.

Coral Sul, fakitale ya gasi yoyandama pa nyanja ku Mozambique, inatumiza gasi wake woyamba mu 2022, ndipo zitsime zake ndi za pansi pa nyanja, tsiku lina zidzafuna kukonzedwa. Kuno ku Zimbabwe gasi amene anapezeka ku Muzarabani mu 2023 ndi wa pamtunda, sitima sikufunika. Ndiye nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndikuphunzira za dziko loyenera, munthu woti nyanja yamchere sindinaionepo. Mawa ndiyesa kufotokozera gulu lathu popanda pepala, kaya zidzatuluka bwino ngati mu kombi muja, kaya.